Dayisi, nthano ndi masamu: mmene anthu amapeputsira masewera a RPG

Lamulungu lina masana azakhali anatulukira kunyumba yomwe timachita lendi ku Rosettenville, n'kutipeza anthu asanu titazungulira tebulo. Aliyense anali ndi pepala ndi pensulo, pakati pali timadayisi tamitundumitundu. Sanakhale n'komwe pansi. "Ana inu, ulendo wonse uja wa ku Joni munabwerera juga?" Mphwanga poyesa kutiteteza anati iye ndi wamatsenga ndipo akufuna kuponya moto pa chilombo. Apo ndiye nkhani inaipiratu.

Juga ayi, panalibe ndi randi imodzi yomwe patebulopo. Ndipo tsiku limenelo sitinkasewera kwenikweni, tinkakangana za malamulo. Kwa miyezi ingapo takhala tikulemba malamulo athuathu, aafupi, oti munthu wobwera kumene awamve msanga komanso oti pasakhale wosewera mmodzi womeza anzake onse. Anthu ambiri padziko lapansi ali pa ntchito yomweyi masiku ano, makamaka chichitikireni zina mu Januwale 2023 zomwe ndizifotokoza. Ntchitoyi imaoneka ngati yongofufuta mizere m'buku, koma mkati mwake muli masamu ndi mikangano.

Ndi masewera amtundu wanji

Amene anakulira kumudzi akudziwa mmene nthano imayambira. Agogo amati "Padangokhala," ana n'kuvomera "Tili tonse." Ntchito ya ana ndi kuvomera basi. Zoti Kalulu alowe kuphanga kapena athawe, amasankha ndi agogo.

Masewera awa ndi nthano yomweyo, kungoti omvera apatsidwa mphamvu. Aliyense amatenga mtengambali mmodzi, kaya msilikali, wamatsenga, wakuba kapena wochiritsa, ndipo ndi iye amene amanena chomwe mtengambali wakeyo achite. Pa Chingerezi amati tabletop roleplaying game, mwachidule RPG. Munthu mmodzi amakhala pampando wa agogo: amafotokoza malo, amayankhulira anthu ena onse a m'nkhani, ndipo amagamula pakakhala kusamvana. Ameneyo amamutcha game master, ife timangoti woyendetsa.

Nanga wina akati "ndilumpha mtsinje," adziwa ndani ngati walumphadi kapena wagweramo? Apa ndi pomwe dayisi imalowerera. Umaponya, n'kuwonjezerapo nambala ya luso la mtengambali wako, ndipo zikafika pa nambala yomwe woyendetsa waika, waoloka. Palibe wopambana mnzake, gulu lonse limakhala mbali imodzi.

Masewera otchuka kwambiri amtunduwu ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR. Mu 1997 TSR inagulidwa ndi Wizards of the Coast, nayonso n'kugulidwa ndi Hasbro mu 1999. Malamulo omwe ambiri akusewera panopa ndi a mtundu wachisanu, a 2014, omwe anakonzedwanso mu 2024. Kuno ku Johannesburg, amene anafikako ku chionetsero cha Comic Con Africa, chomwe chinayamba mu 2018 ku Kyalami, anaonako matebulo a masewerawa.

Nkhawa ya azakhali si yachilendo. Ku America komweko m'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina inadandaula kwambiri za matsenga a m'masewerawa. Banja lililonse limaona lokha pomwe liime, ndipo alipo ma RPG opanda matsenga n'komwe, a ofufuza milandu kapena a maulendo a m'mlengalenga.

Chomwe chikuchititsa anthu kufuna kupeputsa

Malamulo a 2014 ali m'mabuku akuluakulu atatu, lililonse la masamba oposa 300, Chingerezi chake cholemera, mtengo wake wa katundu wochokera kunja. Kupanga mtengambali mmodzi kwa munthu woyamba kumatha ola lathunthu. M'nkhanimo, kuzungulira kumodzi kwa nkhondo, aliyense kuchitapo kanthu kamodzi, kumawerengedwa ngati masekondi 6. Koma patebulo nkhondo ya masekondi 18 ikhoza kudya ola, uyu akutsegula buku, uyo akuwerengera zala, winayo ali pa foni kudikira nthawi yake. Kwa munthu wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pasabata, amene akufunanso kukwera taxi yobwerera ku Yeoville kusanade, nthawi yotero palibe.

Kupeputsa sikunayambe lero. Eni ake omwe anatulutsa bokosi la malamulo opepuka lotchedwa Basic Set mu 1977, longofikira pa levulo 3. Levulo ndi muyezo wa kukhwima kwa mtengambali, ndipo m'malamulo a masiku ano imayambira pa 1 kufika pa 20. Mu 2000 kampani ya Wizards of the Coast inapereka chilolezo chotchedwa Open Game License, cholola ena kumanga masewera awo pamwamba pa malamulo ake. Pathfinder, ya kampani ya Paizo, inabadwira pamenepo mu 2009.

Mu Januwale 2023 zinamveka kuti Wizards of the Coast ikufuna kusintha chilolezocho. Osewera ndi makampani ang'onoang'ono anakwiya zedi, kampani inabwerera m'mbuyo, ndipo mwezi womwewo inaika phata la malamulo, chikalata chotchedwa SRD 5.1, pansi pa chilolezo cha Creative Commons. Tanthauzo lake ndi lakuti aliyense akhoza kukopera zomwe zili m'chikalatacho, kuzisintha, kuzimasulira ngakhale m'Chichewa, mpaka kugulitsa, bola atchule komwe wazitenga. Dzina la masewerawo ndi zizindikiro zake zikadali za eni ake, sungazimate pachikuto cha buku lako.

Dayisi ndiye injini

Chosankha choyamba cha wopanga malamulo ndi mtundu wa dayisi, ndipo apa ambiri amapunthwa asanayende n'komwe.

Dungeons & Dragons imayendera dayisi ya mbali 20, yomwe amailemba kuti d20. Mbali iliyonse ili ndi mwayi wofanana, maperesenti 5. Ngati ukufunika 11 kapena kuposa, mwayi wako ndi theka. Akakuwonjezera +1, mwayi umakwera ndi maperesenti 5 basi, nthawi zonse. Kuwerengera kwake n'kosavuta, koma zotsatira zimadumphadumpha: 1 amatuluka kawirikawiri mofanana ndi 10, choncho katswiri amatha kulephera chinthu chomwe mbuli yakwanitsa.

Vuto lina ndi lakuti d20 sipezeka pa spaza shop. Ambiri ofuna kupeputsa amatembenukira ku madayisi awiri wamba a mbali 6, aja a ludo. Koma awiriwa khalidwe lawo ndi lina. Pali njira 36 zomwe angagwere, ndipo 6 mwa izo zimapereka 7, pomwe 2 ndi 12 ali ndi njira imodziimodzi. Zotsatira zimaunjikana pakati. Ngati ukufunika 7 kapena kuposa, mwayi ndi 21 mwa 36, pafupifupi maperesenti 58. Onjezani +1, wafika pa 72. Onjezani +3, wafika pa 92.

Ife tinagwa m'dzenje limeneli. Tinasintha dayisi koma n'kusiya manambala owonjezera a m'buku lakale, ma +5 ndi ma +6. Sabata imeneyo palibe analephera kanthu, ndipo nthano yopanda kulephera ndi ndiwo zopanda mchere.

Masewera a Apocalypse World, a 2010, anagwiritsa bwino ntchito kuunjikana kwa pakatiku. Ukapeza 10 kapena kuposa wakwanitsa, 6 kutsika m'munsi zakuvuta, koma pakati pa 7 ndi 9 wakwanitsa molipira: mtsinje waoloka, koma thumba lapita ndi madzi. Popanda chowonjezera, gawo lapakatili limatuluka ka 15 mwa 36. Lamulo limodzi lomwelo limabala nkhani lokha, osafunikanso tsamba lina lofotokoza.

Kulinganiza si kufananitsa

Pa bawo chilungamo n'chosavuta kuona. Maenje 32, njere 64, aliyense theka lake, malamulo amodzi. RPG siili choncho, imafanana ndi timu ya mpira. Goloboyi sagoletsa, koma palibe amati waponderezedwa, chifukwa ikafika penate maso onse amakhala pa iye. Kulinganiza kwa masewerawa ndi kumeneko: aliyense akhale ndi nthawi yomwe gulu likudalira iyeyo. Zikalakwika mumaona munthu wangokhala phee, akuseweretsa pensulo, podziwa kuti chilichonse angachite mnzake achichita bwino kumuposa.

Chitsanzo chakalekale ndi cha msilikali ndi wamatsenga. Tiyeni tiwerengere pa levulo 5. Msilikali amamenya kawiri nthawi yake ikakwana. Tinene kuti amalasa ka 60 mwa 100, ndipo akalasa amachotsa mapointi a moyo pafupifupi 7.5, kuchokera pa dayisi ya mbali 8 kuphatikiza 3. Mapointi a moyo ndi nambala yomwe ikafika pa ziro mtengambali kapena chilombo chimagwa. Tikachulukitsa, msilikali amachotsa mapointi 9 pa kuzungulira kulikonse.

Wamatsenga pa levulo yomweyo amapeza moto wotchedwa fireball, wa madayisi 8 a mbali 6, womwe umachotsa pafupifupi 28 pa aliyense amene ali pamalopo, kapena theka kwa amene wazinda. Adani akakhala anayi, awiri n'kuzinda, ndi mapointi 84 pa kuponya kumodzi. Uku 9, uku 84.

Olemba malamulo sanali ogona. Moto umenewu wamatsenga amauponya kawiri, mwina katatu, patsiku la m'nkhani, kenako watha mpaka akagone. Msilikali satha. Buku la woyendetsa la 2014 limayembekezera kuti gulu likumana ndi mikwingwirima 6 mpaka 8 patsiku. Pa nkhondo 7, iliyonse yozungulira katatu, msilikali wathu amafika pa 189, ndipo moto uwiri wa mnzake uli pa 168 kuphatikiza tina ting'onoting'ono. Pamenepo sikelo yaima bwino.

Koma ndi gulu liti lomwe limamenya nkhondo 7? Ife pa Lamulungu limodzi timakwanitsa imodzi, zikayenda bwino ziwiri, ndipo tikamatseka aliyense amafuna kuti atengambali akagone. Pa nkhondo imodzi, msilikali ali pa 27, wamatsenga wadutsa 168. Malamulo sanasinthe ndi chilembo chimodzi chomwe, chasintha ndi nthawi yomwe anthu ali nayo. Kwa ine iyi ndiye mfundo yomwe opeputsa ambiri amaiphonya: manambala a m'buku anawalinganiza poganizira tebulo linalake, ndipo tebulo lanu likakhala losiyana, sikelo imapendekeka yokha.

Ndipo awa ndi mapointi chabe. Levulo ikamakwera, wamatsenga amayamba kuuluka, kusaoneka, kutsegula zitseko zokiyidwa, kunyengerera alonda. Ntchito ya wakuba yapita, ya wolankhula bwino yapita. Msilikali iye akungomenya mowonjezerako pang'ono.

Njira zokonzera zilipo zingapo ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Ena amadula masewera pa levulo 6 kapena 10, mpata usanakule, koma osewera okonda kulota za mphamvu zazikulu amaona ngati awalanda. Ena amatalikitsa kupuma: buku lomwe lija la 2014 lili ndi njira yoti kupuma kobwezeretsa mphamvu zonse kutenge masiku 7 a m'nkhani m'malo mwa usiku umodzi, kotero moto uwiri uja uyenera kukwanira ma Lamulungu angapo. Masewera ngati Shadowdark amati wamatsenga naye aziponya dayisi asanachite tsenga, ndipo akalephera tsengalo lamuthawa mpaka akapume. Izi zimabweretsa mantha okoma, koma munthu watsoka akhoza kutha masana onse opanda chochita. Njira ina ndi yosakhudza wamatsenga n'komwe, koma kupatsa msilikali zochita zina: kugwetsa mdani, kutchinga mnzake, kukhala ndi anyamata omutsatira, kudziwika m'midzi.

Palinso masamu ena omwe amavutitsa oyendetsa. Chilombo chimodzi chachikulu chikakumana ndi atengambali anayi, icho chimachita kamodzi pomwe iwo achita kanayi. Kaya chikhale choopsa bwanji papepala, chimagwa chisanaonetse mano. N'chifukwa chake malamulo a 2014 amapatsa zilombo zina zikuluzikulu mwayi wochitanso kanthu pakati pa nthawi za osewera. Wopeputsa akafufuta lamulo limeneli poliona ngati lochulutsa, mfumu ya zilombo imasanduka mbuzi ya pa Khrisimasi.

Chomaliza pa kulinganiza ndi zosankha zamsampha. Buku likhoza kukhala ndi zida 30, koma ngati chimodzi chikuposa zonse nthawi zonse, zina 29 ndi zokongoletsa, ndipo amene amagwa nazo ndi wobwera kumene, wosankha potengera dzina lokoma. Kuno kupeputsa ndi kulinganiza kumagwirizana: zida zitatu zosiyanadi, chopepuka, cholemera ndi choponya patali, zimaposa 30 zonamizira.

Chimene wachotsa chimapita kuti

Kupeputsa kwabwino nthawi zambiri ndi kuphatikiza, osati kungodula. Malamulo akale anali ndi timanambala tambirimbiri: +2 poti uli kumbuyo kwa mdani, -2 poti kuli mdima, +1 poti waima pamtunda. Mu 2014 zambiri mwa izi anazisonkhanitsa m'lamulo limodzi lotchedwa advantage. Zinthu zikakukomera umaponya ma d20 awiri n'kutenga wamkulu, zikakuipira umatenga wamng'ono. Ngati umafunika 11, mwayi umachoka pa 50 kufika pa 75. Ngati umafunika 19, umachoka pa 10 kufika pa 19 basi. Lamuloli limathandiza kwambiri pa zinthu zapakatikati, ndipo silipangitsa chosatheka kukhala chotheka. Kudziletsa kumeneku kuli mkati mwa masamu ake, woyendetsa savutika nako.

Ena anapita patali. Into the Odd, ya Chris McDowall ya 2014, inachepetsa maluso a mtengambali kuchoka pa 6 a mu Dungeons & Dragons kufika pa 3, n'kuchotseratu kuponya koona ngati walasa. Ukamenya, walasa, chotsala ndi kuona kuti wavulaza motani. Nkhondo imafupika kwambiri. Lasers & Feelings, ya John Harper ya 2013, malamulo ake onse ali patsamba limodzi ndipo mtengambali ali ndi nambala imodzi yokha.

Koma taonani chomwe chimachitika ukachotsa kuponya kolasa. Afisi asanu akazungulira munthu mmodzi, onse alasa, ndipo munthuyo watha asanatsegule pakamwa. Masewera ngati Cairn anatseka bowo limeneli ndi lamulo lakuti ambiri akamenya mmodzi, aponye madayisi onse koma awerengere wamkulu yekha. Malamulo ali ngati nsichi za nyumba, ukazula imodzi uyambe wayang'ana chomwe inanyamula.

Ndipo katundu amene buku latula sasowa, amagwera woyendetsa. Buku likapanda kunena mmene munthu amakwerera khoma kukugwa mvula, woyendetsa agamule yekha pompo. Apa ndi pomwe osewera amagawikana. Okonda malamulo ochepa amati chigamulo cha munthu woganiza chimathamanga komanso chimagwirizana ndi nkhani kuposa tsamba la buku, ndipo osewera amayamba kuyang'ana zomwe zili m'nkhanimo m'malo mosakasaka papepala lawo. Okonda malamulo ambiri amati buku limateteza wosewera. Woyendetsa akhoza kukondera, kaya mosadziwa, ndipo pakati pathu Amalawi si chapafupi kuti mnyamata atsutse chigamulo cha achimwene kapena alamu ake patebulo. Buku likakhalapo amangoloza tsamba mwaulemu. Amatinso kusankhasankha maluso ndi kumanga mtengambali mwaluso ndi gawo la kukoma kwa masewerawo, monga mmene wabawo amakondera kuwerengera maenje. Magulu onse awiri akunena zoona za matebulo awo.

Kuyesa patebulo

Masamu amakuuza za mapointi, koma sakuuza amene watopa. Ngakhale Wizards of the Coast inayesa malamulo a 2014 poyera kuyambira mu 2012, anthu zikwizikwi akusewera ndi kupereka maganizo. Gulu laling'ono likhoza kuchita zomwezo ndi pensulo. Mmodzi azilemba kachizindikiro nthawi iliyonse yomwe wosewera wachita chinthu chosintha nkhani, ndipo pomaliza muwerenge. Wina akakhala ndi 12 mnzake 2, musafunsenso ngati pali vuto. Yang'ananinso wotchi: kuchokera pomwe munthu wamaliza nthawi yake mpaka imufikenso, papita mphindi zingati?

Musinthe chinthu chimodzi pa sabata, apo ayi simudziwa chomwe chachiza kapena chomwe chapha. Ndipo uja wokonda kusaka mipata m'malamulo, amene gulu lililonse lili naye ndipo amatopetsa, ndiye chuma chanu. Mpatseni pepalalo mumuuze aliswe. Kenako muitane munthu amene sanasewerepo, mumupatse osamufotokozera kanthu, muone pomwe akakamire.

Kulemba m'Chichewa nakonso kumayesa malamulo mwanjira yake. Lamulo lomwe takanika kulinena m'ziganizo ziwiri za Chichewa chomveka, nthawi zambiri timapeza kuti nafenso sitinalimvetse. Ana obadwira kuno amasakaniza Chichewa, Chizulu ndi Chingerezi, ndiye mawu ngati levulo ndi advantage tangowasiya. Zilombo tinazitenga kwathu: gulu lathu likukwera phiri la Mulanje kulowera ku Sapitwa, ndipo choopsa chachikulu ndi Napolo. Za Gule Wamkulu tinagwirizana kuti sizilowa m'masewera, poti kwa ena patebulopo si nthano.

Panopa malamulo athu ali pamasamba awiri, madayisi awiri a ludo, maluso atatu, chowonjezera chosapitirira +3, ndipo levulo imathera pa 5. Wamatsenga amaponya dayisi asanachite tsenga. Sabata yatha mphwanga analephera katatu kotsatizana, n'kutha masana onse atabisala kuseri kwa msilikali, ndipo pa pepala la zizindikiro anali ndi kamodzi kokha. Lamulungu likubwerali tiyesa zoti akapeza pakati pa 7 ndi 9 tsenga lizichitika, koma lizimudyera mapointi a moyo.